TIKITI YA CIPANI KU MKAIKA: AMASANKHA NDI MUDZI KAPENA LUSAKA?

Nthawi ya masankho ikamayandikira, anthu a m'midzi ya m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi amaika mtima pa tsiku limodzi lokha, ndilo tsiku loponya voti. Amalawirira m'mamawa, amaima pa mzere pa sukulu ya kwao, nalandira pepala lokhala ndi maina ndi nkhope za anthu ofuna mpando wa ku Nyumba ya Malamulo. Koma ndi owerengeka amene amafunsa kuti maina aja anafika bwanji pa pepalalo, ndiponso kuti anazimirira kuti maina ena amene anali kumveka m'misonkhano miyezi itatu kumbuyoko. Yankho lake lili mu mpikisano wina umene umacitika masankho a dziko asanafike, ndiwo wolimbirana tikiti ya cipani, umene anthu a ndale amaucha adopushoni.

M'dera la Mkaika ndi madera oyandikana nalo a Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi, mpikisano umenewu ndi wolemera kwambiri, pakuti cigawo ca Kum'mawa cakhala ndi cizolowezi cotsamira ku cipani cimodzi pa nthawi imodzi. Mu 1991, pamene MMD inatenga mipando 125 mwa mipando 150 ya dziko lonse, mipando yonse 19 ya Kum'mawa inatsala m'manja mwa UNIP. Mu 2006 ndi 2011 mipando yambiri ya cigawoci inapita ku MMD, ndipo mu 2016 ndi 2021 inapita ku PF. Kumene anthu amatsamira mbali imodzi cotere, munthu wolandira tikiti ya cipani cokondedwa amakhala atayenda kale gawo lalikulu la ulendo wa ku Manda Hill. Conco amene agwira tikitiyo m'manja mwake ali ndi mphamvu yoposa ya ovota zikwi zambiri.

CIMENE AKULIMBIRANA

Nchito yoyamba ya phungu ndiyo kupanga malamulo, kuvomereza ndondomeko ya cuma ca Boma caka ndi caka, ndi kufunsa nduna mafunso m'malo mwa anthu a kwao. Dera lililonse lili ndi mafunso ake. Anthu a ku Sinazongwe, kumene kuli mgodi wa malasha wa Maamba, amafuna phungu wodziwa kulankhula za nchito za pa mgodi ndi za minda yozungulira mgodiwo. Mgodi wa anthu a ku Katete ndi munda. Iwo amafuna munthu amene adzaimirira kufunsa feteleza wa FISP akacedwa, kapena malipiro a cimanga copita ku FRA akakhala kuti sakubwera, ndiponso wodziwa mtengo wa thonje, nshawa, soya ndi mpendadzuwa. Amafunanso wokumbutsa Boma za miseu ya m'midzi, milatho, zitsime, ndi mseu wa ku Chanida umene umanyamula malole opita ndi kucokera ku Tete ndi Beira.

Pa zaka zapitazi paonjezeka cinthu cina. Thumba la citukuko ca dera, la CDF, linali K1.6 miliyoni pa dera lililonse mu 2021. Mu 2022 Boma la a Hakainde Hichilema linalikweza kufika pa K25.7 miliyoni, mu 2023 linafika pa K28.3 miliyoni, mu 2024 pa K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 pa K36.1 miliyoni. Ndalama zimenezi zimamanga zipinda za sukulu ndi zipatala zazing'ono, zimagula madesiki, zimalipirira ana ku sukulu zogonera komweko ndi za luso la manja, ndiponso zimabwereketsedwa ku magulu a amai ndi acinyamata. Phungu sasunga ndalamazi m'thumba mwake, komabe ali ndi liu lalikulu m'komiti imene imaunika nchito zoyenera kuyamba. Si codabwitsa tsono kuti ofuna tikiti aculuka, ndiponso kuti mkangano wake ukukulirakulira.

MASIKU A CIPANI CIMODZI

Akuluakulu amene anavota m'zaka za m'ma 1970 akudziwa kuti mkangano umenewu si wa lero. Mu February 1972 Dr Kenneth Kaunda analengeza kuti Zambia idzakhala dziko la cipani cimodzi, nasankha bungwe lotsogozedwa ndi a Mainza Chona kuti liyende m'dziko kumva maganizo a anthu pa za kayendetsedwe kake. Lamulo lake linasainidwa pa 13 December 1972, ndipo masankho oyamba a njira yatsopanoyo anacitika pa 5 December 1973, polimbirana mipando 125. Njirayo inatengerako ku Tanzania, kumene kuyambira 1965 anthu awiri a cipani ca TANU anali kupikisana pa mpando umodzi.

Mu Zambia ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo unali ndi makwerero atatu. Poyamba panali masankho a m'cipani, amene ovota ake anali akuluakulu a UNIP a m'nthambi ndi m'makomiti ena a m'deralo, ndipo anthu atatu opeza mavoti ambiri ndiwo anali kupitirira. Kenaka maina atatuwo anali kupita ku Kabungwe Kakakulu ka Cipani ku Lusaka, kamene kanali ndi mphamvu yocotsa aliyense amene kanamuona ngati wosayenera, ndipo wotsatira pa mndandanda anali kulowa m'malo mwake. Potsiriza anthu onse olembetsa anali kusankha mmodzi pa otsalawo.

Njira imeneyi inali ndi ubwino wake. Popeza onse opikisana anali a cipani cimodzi, wovota sanali kuyang'ana mtundu wa mbendera koma munthu ndi nchito zake, ndipo mu 1973 aphungu ambiri akale, pamodzi ndi nduna zina, anagwa. Koma inalinso ndi bala lake. Pa masankho a 1973, ndiponso pa a 1978, Kabungwe Kakakulu kanacotsa anthu oposa 20 amene anali atapambana kwao, kawirikawiri popanda kuuza anthu cifukwa cake. Mu 1973 ovota sanafike ngakhale theka la olembetsa. Mu 1978 a Simon Kapwepwe ndi a Harry Nkumbula anafuna kupikisana ndi Dr Kaunda pa mpando wa mtsogoleri wa Cipani, koma malamulo a Cipani anasinthidwa ndipo khomo linawatsekera. Pofika 1983 masankho a m'cipani aja anacotsedwa, ndipo nchito yosefa maina inatsalira Kabungwe Kakakulu kokha. Pamenepa ndi pamene panazika mizu funso limene likuvutabe: kodi mau a nthambi ndi mau a likulu akasiyana, opambana ndi ati?

ZIPANI ZINACULUKA, NJIRA INATSALA

Mu December 1990 ndime ya malamulo yoletsa zipani zina inacotsedwa, ndipo pa 31 October 1991 dziko linavota pakati pa zipani zambiri. Anthu anayembekeza kuti ufulu umene unabwera pakati pa zipani udzalowanso m'kati mwa cipani ciliconse. Koma zipani zazikulu zimene zalamulira kucokera pamenepo zatsata njira yofanana. Wofuna tikiti amalemba kalata, nalipira ndalama ya fomu. Amafunsidwa mafunso ndi komiti ya dera, kenaka ya boma lake, kenaka ya cigawo ku Chipata. Komiti iliyonse imaika maina pa mndandanda monga mwa kukonda kwake, nitumiza kumwamba. Nthawi zina mavoti amaponyedwa m'mawadi, koma mau otsiriza amacokera ku komiti yaikulu ya ku Lusaka, imene m'cipani ca PF imachedwa ndi dzina lomwe lija la masiku a UNIP.

Kusiyana kulipo, ndipo si konse kokomera wovota. Masankho a m'cipani a 1973 ndi 1978 anali olembedwa m'malamulo a dziko, kotero kuti aliyense anali kudziwa makwerero ake. Adopushoni ya masiku a zipani zambiri ndi nkhani ya m'nyumba ya cipani. Bungwe la ECZ limene limayendetsa masankho a dziko silikhalapo powerenga mavoti a m'cipani. Limangolandira munthu wobwera ndi cikalata cosainidwa ndi atsogoleri a cipani cake. Munthu angathe kukhala woyamba pa mndandanda wa ku Katete, woyambanso pa wa ku Chipata, koma n'kumva pa wailesi kuti tikiti yapita kwa wina.

PHUNZIRO LA 2013

Dera la Mkaika linaonetsa dziko lonse mu 2013 kuti tikiti ili ndi malire ake. Pa masankho a 2011 mpandowu unapita kwa a David Phiri a MMD. Caka comweco PF ya a Michael Sata inatenga Boma, koma inalibe mipando yokwanira kulamulira yokha Nyumba ya Malamulo, ndipo a Sata anapatsa aphungu ena a MMD maudindo a waciwiri kwa nduna. A David Phiri anali mmodzi wa iwo. Mu 2013 anatula pansi umembala wa MMD nalowa PF, mpando unakhala wopanda munthu, ndipo masankho a padera anaitanidwa. PF inapereka tikiti yake kwa iwo omwewo, pamene MMD inaimika a Peter Phiri. Mu September 2013 anthu a ku Mkaika anasankha a Peter Phiri, ndipo kusiyana kwa mavoti kunali kwakukulu.

Ambiri anadabwa, pakuti wogonjayo anali ndi zonse zimene anthu a ndale amaziyesa zopambanitsa: dzina lodziwika, udindo m'Boma, ndi cipani colamula kumbuyo kwake. Ena anamasulira kuti anthu a ku Katete anali asanakonzeke kusiya cipani ca a Rupiah Banda, mwana wa Kum'mawa amene analamulira dziko kuyambira 2008 kufika 2011. Ena anati ovota anakhumudwa poona kuti voti imene anapereka mu 2011 yanyamulidwa kupita kwina iwo asanafunsidwe. Matanthauzo awiriwa sakutsutsana, ndipo onse akuloza ku cinthu cimodzi: pangano lopangidwa pakati pa phungu ndi akuluakulu a ku Lusaka silimanga mudzi. Akale anati mapanga awiri avumbwitsa.

Zimene zinatsatira zikuonjezera pa phunzirolo. Mu January 2015 a Rupiah Banda anathandiza a Edgar Lungu pa masankho a mtsogoleri wa dziko, ndipo cigawo ca Kum'mawa cinatembenukira ku PF. Mu 2016 a Peter Phiri anaima pa tikiti ya PF napambana, ndipo anapambananso mu 2021. Cipani comwe cija cimene cinakanidwa mu 2013 cinalandiridwa patangopita zaka zitatu. Kusiyana kwake n'kwakuti mu 2013 tikiti inatsogola niyembekeza kuti anthu atsate, pamene mu 2016 anthu anali atasuntha kale ndipo tikiti inawapeza kumene anali.

OIMA PAOKHA

Cizindikiro codziwira ngati cipani casankha bwino kapena ai ndico kuculuka kwa aphungu oima paokha. Mu 2016, pa mipando 156, anthu 14 anapambana opanda cipani, ndipo mu 2021 anali 13. Ambiri a anthu otere amakhala mamembala akale a cipani cacikulu ca m'dera lao, amene anapempha tikiti namanidwa, kapena anaoneratu kuti sadzaipeza. Ku Sinda mu 2016 mpando unapita kwa a Masauso Kazungula Tembo ataima paokha, ndipo mu 2021 anapambananso atanyamula tikiti ya PF. Ku Petauke Central mu 2021 PF inaimika mai Dora Siliya, amene anali nduna yofalitsa nkhani, koma anagonja kwa a Emmanuel Jay Banda, amene kale anali mtsogoleri wa acinyamata a cipani comweco m'cigawo ndipo anaima paokha. Caka comweco madera a Nyimba, Lumezi ndi Chasefu anasankhanso anthu oima paokha. M'madera ena mwa amenewa ovota ambiri anasankha a Lungu pa pepala la mtsogoleri wa dziko, nakana munthu wa cipani ca a Lungu pa pepala la phungu. Sanakane cipani, anakana amene cipani cinawabweretsera.

Abale a kutsidya kwa malire akudziwa bwino nthenda imeneyi. Ku Malawi zipani zimacititsa masankho a cipulula, ndipo m'madera ambiri nthumwi zimavota poima pa mzere kumbuyo kwa munthu amene zamukonda. Mikangano imabuka pa mndandanda wa nthumwi zoyenera kuvota, ndipo ogonja ambiri amakaima paokha. Mu 2014 aphungu oima paokha anali 52 pa mipando 193, ndipo mu 2019 anali 55. Izi zikuonetsa kuti kuponya voti m'cipani pakokha sikuthetsa vuto ngati sizidziwika bwino kuti ovota ndani ndipo owerenga ndani.

Kuima payekha ndi khomo lothawirapo, koma kuli ndi mtengo wake. Phungu wopanda cipani alibe gulu lomuthandiza pokankha nkhani za dera lake m'Nyumba ya Malamulo. Kumudzi nako mkanganowo umasiya zipsera, pakuti anthu amene anali kuyenda pamodzi m'nthambi imodzi, m'kopaletivu imodzi, mwinanso m'mpingo umodzi, amagawanika pawiri, ndipo cidani cimatsala masankho atapita.

ZIMENE MALAMULO A 2016 ANAIKA

Malamulo akulu a dziko amene anasinthidwa mu January 2016 anakhudza nkhaniyi m'malo angapo. Ndime 60 inapatsa zipani ufulu wocititsa masankho a m'cipani posankha oimirira, niti cipani cizicita masankho a cilungamo m'kati mwake nthawi ndi nthawi. Koma ufulu si lamulo lokakamiza, ndipo bilu ya zipani imene Boma linatulutsa mu 2017 siinafike pokhala lamulo. Ndime 70 inaika kuti wofuna uphungu akhale wa zaka 21 kapena kuposa, ndiponso akhale ndi setifiketi ya Giredi 12 kapena yolingana nayo. M'midzi lamulo limeneli linacotsa pa mpikisano anthu ambiri odziwika ndi nzeru ndi kukhulupirika amene sukulu anailekera panjira.

Ndime 51 inati woima payekha akhale atasiya cipani miyezi iwiri tsiku la masankho lisanafike. Popeza masankho anaikidwa pa Lacinai laciwiri la mwezi wa August, ndipo mu 2021 maina anaperekedwa mu May, munthu womanidwa tikiti anali ndi masiku owerengeka cabe oti aganize ndi kusonkhanitsa omuvomereza 15 amene lamulo linafuna. Cipani cikacedwa kulengeza maina, mpata umenewu umacepanso. Ndime 72 inatseka njira imene inatsatidwa ku Mkaika mu 2013, pakuti inati phungu wosiya cipani cimene cinamuimika ataya mpando, ndipo sangaimenso kufikira Nyumba ya Malamulo imeneyo itatha nthawi yake.

NDALAMA, AMAI NDI MAFUMU

Vuto lalikulu la njira ya makomiti ndi kucepa kwa osankha. Anthu okwana m'cipinda cimodzi ca sukulu ndi osavuta kuwafikira mmodzimmodzi, pamene anthu zikwi khumi palibe angawagule onse. Nthawi ya adopushoni ikafika, m'midzi mumaoneka zitenje, njinga, mipira ya acinyamata ndi ndalama zochedwa za ulendo, ndipo anthu amene sanaoneke zaka zinai amayamba kufika pa maliro alionse. Si mphatso iliyonse imene ili ciphuphu, pakuti kuthandiza pa maliro ndi mwambo wa makolo. Koma komiti ikayamba kuyesa munthu ndi kulemera kwa thumba lake, mphunzitsi wopuma nchito, mlangizi wa zaulimi kapena mlimi wotsogolera kopaletivu sangapikisane ndi wamalonda wocokera ku Lusaka kapena ku Migodi. Wogwira nchito ya Boma ali ndi mtolo winanso, cifukwa ayenera kusiya nchito asanaime pa masankho, ndipo palibe amene angamubwezere nchitoyo akagonja. Amene wagula tikiti ndi ndalama zambiri amalowa m'Nyumba ya Malamulo ali ndi ngongole yoti abweze, ndipo obweza enieni amakhala eni dera.

Amai ndiwo amaculuka pa misonkhano, ndiwo amaimba ndi kuvina, ndiwonso amalawirira pa mzere wovota, koma pa masankho a 2016 ndi 2021 aphungu acikazi sanafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu. Ovota a kuno sakana amai. Ku Vubwi mu 2014, bwalo la milandu litathetsa kupambana kwa Dr Eustarckio Kazonga a MMD, anthu anasankha mai Margaret Miti a PF. Khomo limene amai ambiri amalipeza lotseka ndi la adopushoni, kumene makomiti ake ndi odzaza amuna ndipo ndalama zimalankhula.

Mkaika ndi likulu la Kalonga Gawa Undi, kumene Acewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pa mwambo wa Kulamba Loweruka lotsiriza la mwezi wa August. Ofuna mipando amayenda m'mabwalo a mafumu Kawaza, Mbang'ombe, Kathumba, Nyanje ndi Pembamoyo, ndipo kutero n'koyenera, pakuti mlendo salowa m'dziko osalonjera mwini wake. Colakwika ndi pamene munthu atuluka pa bwalo n'kuyamba kulalikira kuti mfumu yamudzoza. Mfumu ndi kholo la onse, a cipani ici ndi a cipani ico, ndipo malamulo a 2016 anati mfumu yofuna mpando wa ndale iyambe yatula ufumu.

Komabe mwambo wa Acewa uli ndi cophunzitsa zipani. Mfumu ya mudzi ikamwalira, mbumba ndi akuluakulu a banja lacifumu amakhala pansi kuunika khalidwe la ana a alongo ake, nasankha woyenera. Akatero amapita naye kwa mfumu yaikulu kuti imulonge. Mfumu yaikuluyo ingathe kubweza nkhaniyo ikaona cokaikitsa, koma sibweretsa mlendo wake kudzamuika pa mpando wa eni mudzi. Wamkulu amatsimikiza, eni ake amasankha.

MBALI YA LIKULU

Kungakhale kusoweka cilungamo kunena kuti likulu la cipani liribe zifukwa zake. Komiti ya dera nayo imalakwa. Ingathe kugulidwa, ingathe kusankha mwa cibale, ndipo ingathe kukhala ya anthu amene anaikidwapo ndi phungu wakale kuti amutetezere mpando. Likulu liyenera kuona ngati mapepala a sukulu ndi oona, ngati munthuyo alibe mlandu umene ungamucotsetse pa mpando, ndiponso ngati sadzathawira ku cipani cina masankho akatha. Likulu ndilonso lingathe kuyang'ana dziko lonse n'kuona kuti amai ndi acinyamata atsalira. Conco mphamvu yokana munthu ili ndi malo ake.

Cimene cimaononga ndi cinsinsi. Likulu likacotsa munthu wopambana kwao popanda kunena cifukwa, anthu amadzipezera okha cifukwa, ndipo cimene amapeza cimakhala coipa koposa coonadi. Amati kwadutsa ndalama, kapena amati wosankhidwayo ndi mnzake wa wakutiwakuti. Ngakhale likulu litakhala kuti linaganiza bwino, wosankhidwayo amayamba ulendo ali ndi banga limene sanadzipake yekha.

ZOYENERA KUCITIKA

Mankhwala a nthenda imeneyi safuna ndalama zambiri. Cipani ciliconse cikhale ndi kaundula wa mamembala m'nthambi iliyonse, wotsekedwa miyezi ingapo mpikisano usanayambe, kuti pasaoneke nthambi zomera usiku ngati bowa. Ovota akhale mamembala onse a m'wadi, osati a m'komiti okha, ndipo voti ikhale ya cinsinsi, kuti mlimi asaope kuimira kumbuyo kwa munthu wina pamaso pa amene anamubwereka ng'ombe zolimira. Mavoti awerengedwe pomwepo, ndipo zotsatira zimatidwe pa khomo monga zimacitikira pa masankho a dziko. Likulu likafuna kukana wopambana, lilembe cifukwa cake, limupatse mpata woyankha, ndipo tikiti ipite kwa wotsatira pa mndandanda, osati kwa munthu amene sanapikisane konse. Zonsezi zithe nthawi ikalipo, kuti ogonja apeze masiku oziziritsa mtima ndi kubwerera m'gulu.

Anthu a m'midzi nao ali ndi gawo lao. Makomiti a nthambi ndi a wadi amasankhidwa zaka za pakati, pamene kulibe nyimbo kapena zitenje, ndipo misonkhano yake imakhala ya anthu ocepa. Koma anthu ocepa omwewo ndiwo adzafunsidwa maganizo nthawi ya adopushoni ikadzafika. Membala wa cipani amene sapita ku msonkhano wosankha wapampando wa nthambi wataya liu lake pa nkhani ya phungu zaka ziwiri masankho asanafike. Amene si membala wa cipani ciliconse ali ndi ufulu wofunsa aliyense wobwera kudzapempha voti mafunso osavuta: analima kuti caka catha, ana ake amaphunzira kuti, akadwala amapita ku St Francis kapena kutali, ndipo anacitapo ciani m'dera lino asanayambe kufuna mpando. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu amadziwika ndi zaka zimene sanali kupempha kanthu.

Mbiri ya zaka 50 ya cigawo cino ikuonetsa cinthu cimodzi mobwerezabwereza. Mu 1973 anthu ambiri anakhala kunyumba tsiku lovota. Mu 2013 a ku Mkaika anakana tikiti ya cipani colamula. Mu 2016 ndi 2021 a ku Sinda, Petauke, Nyimba, Lumezi ndi Chasefu anatumiza ku Lusaka anthu opanda cipani. Cipani cimene cifuna mpando wa Mkaika ciyambe cafunsa anthu a ku Mkaika, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo cikalata cosainidwa ku Lusaka ciyenera kukumanabe ndi mlimi wa ku Katete m'kacipinda kovotera, kumene amakhala yekha ndi colembera cake.